Makalata awiri a maso

Mwezi watha manesi anabwera kutchalitchi kwathu ku Maramba kudzapima maso a ife odwala shuga. Makina awo anali kagalasi kovekedwa pa foni, koti n'kulowa m'thumba. Nesi wina anandiwalitsa m'diso, kenako anandionetsa chithunzi chofiirira ngati lalanje lakupsa, chokhala ndi timitsempha tonga mizu.

"Ba tate, uku ni kumbuyo kwa diso yanu," anatero. "Mwaona tumadontho utu? Ni magazi. Muyende kuchipatala sabata ino ino."

Anandipatsa kalata, ndipo ndinaiwerenga ndekha pomwepo.

Kalata yotere si yoyamba m'nyumba mwanga. Zaka zambiri zapitazo mkazi wanga anabwera ndi ina kuchokera kukiliniki. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuwerenga, koma kwa iye ndinkadzionetsa ngati wodziwa. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali, n'kumuuza kuti alemba zoti achepetse kukhala pa utsi wa mbaula. Kenako ndinaibisa m'sutikesi. Pamene ndinalowa sukulu ya akuluakulu n'kutha kuiwerenga, iye anali atasiya kale kuona. Kalatayo inkati apite msanga kwa dokotala wa maso.

Masiku ano ndine ndimamugwira dzanja tikamadutsa mumsika. Maso anga akafa, tonse awiri tidzangokhala pakhonde.

Nditafika kunyumba kuchokera kutchalitchi kuja ndinamuwerengera mkazi wanga kalata yangayo, osasiya liwu. Ndinatulutsanso yakale ija n'kumuwerengera.

"Yanuyo musaiike m'sutikesi," anatero. "Mawa tipita limodzi."