Eneles Pakati pa Galasi

Kingsford Gwirize anajambula anthu a ku Kitwe kwa zaka khumi ndi zisanu, koma m'nyumba mwake munalibe chithunzi cha mkazi wake ngakhale chimodzi.

Kwawo kunali ku Ntcheu. Anabwera ku migodi mu 1936 ali mnyamata wa dzanja labwino polemba, ndipo ine ndinamupeza ku ofesi ya mgodi wa Nkana, kumene tonse tinali makalaliki olemba matikiti a anthu otsika pansi. Ukalaliki sunamukomere. Loweruka lililonse ankakwera basi kupita ku Ndola kukathandiza Mmwenye wina wojambula, mpaka Mmwenyeyo anamugulitsa kamera yake yakale. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha Kingsford anasiya ntchito, nabweza nyumba ya kampani, n'kusamukira ku komboni ya Buchi. Tinamuseka tonse kuti wataya mkate chifukwa cha bokosi.

Linalidi bokosi. Linali la thabwa, la mvukuto pakati, loima pa miyendo itatu, ndipo mwini wake ankalowa m'nsalu yakuda kuti aone anthu ake pa galasi la kumbuyo, ali mitu pansi miyendo m'mwamba. Filimu yake inali yaikulu ngati chikhatho, yolowetsa imodziimodzi. Anyamata a timakamera topachika m'khosi ankamutcha agogo, koma pa chithunzi cha Kingsford unkatha kuwerenga mabatani a jekete, ndipo anthu ofuna kutumiza kumudzi umboni woti akukhala bwino ankapita kwa iyeyo. Sanali munthu wocheza. Akati "Musagwedezeke," ngakhale kapitawo wa pansi pa mgodi ankauma.

Mkazi wake, Eneles, ndiye ankatsuka zithunzi m'beseni n'kuziyanika pachingwe. Ntchitoyo ankaidziwa ngati mwamuna wake yemwe, koma kuima kutsogolo kwa bokosilo ankakana. Poyamba ankati alibe chovala, kenako ankati alibe nthawi, ndipo mwana wawo Ruby atakwatiwa ku Luanshya, Kingsford anangoleka kufunsa. Ankaganiza kuti nthawi ilipo.

Panalinso china. Pakati pa ife a ku Nyasalande panali chizolowezi chimene palibe ankachitchula mokweza. Munthu akadwala mosapatsa chiyembekezo, abale ankamuveka zovala zake zabwino n'kuitana wojambula kuti amujambule yekha, chithunzicho chidzapite kumudzi pamodzi ndi kalata ya uthenga. Abalewo ankabwera kwa Kingsford akunong'ona, "Mubwere lero lomwe." Wodwala akaona miyendo itatu ija ikulowa pakhomo, sankafunikiranso kumva kwa dokotala. Eneles anali atatsuka zithunzi zotere zambirimbiri.

Mu Juni 1958 dokotala anaitana Kingsford yekha m'chipinda, monga zinkachitikira masiku amenewo, namuuza kuti mkazi wake ali ndi chotupa m'mimba ndipo mvula ya chaka chimenecho sadzaiona. Kingsford anatuluka n'kuuza Eneles kuti ndi zilonda chabe, achepetse tsabola. Kingsford anachita mantha, ndipo mantha akewo anawaulula kwa ine ndekha. Ankafuna nkhope ya mkazi wake pa pepala, koma kumupempha kuti akhale pampando yekha kukanakhala kumuuza zonse.

Mwayi unali kumpingo. Gulu la amayi linali litakwanitsa zaka khumi, ndipo Mayi Lorna Kachingwe, akazi a abusa, ankafuna chithunzi cha amayi onse makumi asanu ndi limodzi ataima pakhomo pa tchalitchi chatsopano. Kingsford anali atakana kawiri. Kuchokera pakhomo pa tchalitchi kukafika pa ngalande ya msewu panali mapazi khumi okha, ndipo lenzi yake, diso la kamera lija, inkatenga anthu makumi awiri basi pa mtunda wotero. Atawauza kuti apite ku bwalo la mpira, Mayi Kachingwe anayankha kuti chitseko anagula ndi amayi, chitseko chioneke. Tsopano Kingsford anabwerera yekha n'kunena kuti ajambula, ndiponso kwaulere. Pagulu Eneles sakanakana.

Chinatsala ndi lenzi yoona motambasuka. Anapita ku sitolo ya azungu ku Ndola, kumene munthu wakuda ankagulira pa kawindo ka kumbali. Anamuonetsa ya ku Jeremani, yonyezimira, ili m'manja mwa wogulitsa, ndipo sanamulole n'kuikhudza komwe. Mtengo wake unali mapaundi makumi anayi ndi imodzi. Kingsford anathokoza mwaulemu n'kuvala chipewa chake.

Wina anamulozera ku komboni ya Twapia, ku Ndola komweko, kwa Mathias Daka, wokonza mawotchi wochokera ku Katete. Mathias anali atagwira ntchito kwa mzungu wopima malo ku Northrise, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anamusiyira bokosi la tizitsulo. M'menemo munali kalenzi kakale kamkuwa, kochepa ngati chivindikiro cha botolo la jamu. Mathias anali wa Mboni za Yehova, ndipo sindinaonepo wamalonda wina wonyoza katundu wake ngati iyeyo.

"Ni sikisi paundi teni, ba Nyasalande," anatero m'kalankhulidwe kake ka m'tauni. "Koma nikuuzeni bwino, kuti mawa musabwere kunitukwana. Pakati kaona bwino maningi, olo nsidze muzaziona. Kumbali, awe. Munthu wa kumbali afutukuka monga thumba la mgaiwa, na kuda ada."

"Nanga ndikachepetsa kabowo ka kuwala?" anafunsa Kingsford.

"Kayesako, koma sikaleka. Elo anthu banu afunika aime nji mpaka muwerenge wanu, thuu. Ngati mufuna yabwino konsekonse, bwererani ku tauni."

Kingsford anamangirira kalenziko pa kamera yake pabwalo pomwepo, nalowa m'nsalu. Anaona nyumba yonse ya Mathias, mtengo wa mapeyala, ndi nyumba ya oyandikana nawo, zonse m'galasi limodzi. Pakati udzu wa denga unkawerengeka umodziumodzi. M'mbali zinthu zinkasungunuka monga mmene mwini wake ananenera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Analipira mapaundi asanu ndi imodzi ndi masheleni khumi aja, nakulunga kalenziko mu mpango, ndipo m'basi yonse ankaganiza chinthu chimodzi: Eneles ayenera kukhala pakati.

Apa ndiye panali vuto, chifukwa pa chithunzi cha mpingo munthu sakhala pamene wafuna. Pakati pamakhala akazi a abusa, pambali pawo akazi a akulu a mpingo, kenako amayi ena motsata zaka zimene analowera m'gulu, mpaka kumapeto kumene kumaima obwera kumene. Palibe analemba lamulo limeneli, koma mayi wina anasiyapo mpingo miyezi itatu chifukwa anamuika pampando wachinayi m'malo mwa wachitatu. Kunena zoona, Eneles anali wa m'mipando ya pakati, popeza analipo pamene gululo linkayamba. Koma iye nthawi zonse ankadziika kumapeto. Ankati mkazi wa wojambula akakhala pabwino, anthu anena kuti wakonderedwa.

Linali Lamlungu la mu Julayi, mapemphero atatha, dzuwa lili bwino. Ife amuna tinaima pansi pa mtengo kuonerera. Amayi anatenga pafupifupi ola kudzikonza, onse m'mabulauzi oyera ndi maduku oyera. Eneles anali ataonda, ndipo wina anamubweretsera mpando n'kuuika kumapeto kwenikweni, kudzanja lamanzere, pafupi ndi pamene tinkatsamiritsa njinga.

Kingsford anaimika kamera m'mphepete mwa ngalande, nalowa m'nsalu, natulukanso.

"Amake Ruby," anatero, "tasunthirani chakuno. Kumeneko kuwala sikuli bwino."

Amayi anaseka. "Lero a Gwirize akumbukira kuti ali ndi mkazi!" anakuwa wina kumbuyo.

"Ndili bwino pompano, bambo a Ruby," anayankha Eneles. "Jambulani, anthu ali ndi njala."

Kingsford anayesanso. Anati mzere wapendekeka, amayi a kumanzere asinthane ndi ena. Mayi Kachingwe anakweza dzanja.

"A Gwirize, aliyense ali pamalo pake. Inu yanu ndi kamera."

Anabwerera m'nsalu. Anali ndi mafilimu awiri okha, popeza ndalama zinathera ku Twapia, ndipo maganizo anamubwerera mwamsanga: imodzi ya mpingo, imodzi yake. Lenzi yotambasuka ili ndi ubwino umodzi, woti anthu ojambulidwa sadziwa bwino kumene yaloza. Anamasula kachitsulo ka pansi, natembenuza bokosi pang'onopang'ono kumanzere, mpaka Eneles anafika pakati pa galasi. Anaganiza zoyamba ndi yakeyo, kuopa kuti mkazi wake atopa n'kupempha kukagona.

"Musagwedezeke."

Anachotsa chivindikiro cha lenzi, nawerenga. Asanafike pa kawiri, Eneles anatsokomola n'kuweramitsa mutu.

Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa. Inatsala filimu imodzi, ndipo Kingsford anaima dzanja lili pa kachitsulo kaja nthawi yaitali ndithu, mpaka ife pansi pa mtengo tinayamba kufunsana ngati bokosi lafa. Akanatembenuzira kamera pakati, mpingo ukanalandira chithunzi chake, chitseko ndi zonse, Eneles n'kukhala kachinthu kakuda pakona. Anachotsa dzanja osatembenuza kanthu. Analowetsa filimu yachiwiri, nadikira kuti chifuwa cha mkazi wake chikhale pansi, nanena mawu ake aja kachiwiri. Ulendo uno palibe anagwedezeka.

Chithunzicho ndinachiona, ndipo ndinakwiya ngakhale kuti chifukwa chake ndinkachidziwa, pakuti mkazi wanga anachapa ndi kusita bulauzi masiku awiri koma sanaonekemo. Amayi pafupifupi makumi atatu a kudzanja lamanja munalibe. Theka la pepala linali njinga zathu, khoma, ndi mbuzi ya eni ake ikudya chikwangwani. Mayi Kachingwe anali pakona penipeni, otambalala kawiri kuposa mmene Mulungu anawalengera, akuda bii, ndipo chitseko chija chinangooneka chigwiriro. Pakati panali Eneles pampando, manja pamiyendo. Nkhope yake inali yaing'ono ngati njere ya nyemba, koma chilichonse chinkaoneka, ngakhale kachipsera ka pachibwano.

Akulu a mpingo anamuitana. Kingsford anangoti lenzi inali yotchipa. Mkulu wina anati ngati ndi choncho lenziyo ili ndi nzeru zodabwitsa, yodziwa kusankha mkazi wa mwini wake. Ntchito zonse za mpingo, maukwati ndi maubatizo omwe, zinapita kwa mnyamata wina wa ku Chamboli wa kamera ya m'khosi, ndipo sizinabwererenso. Kingsford anapitiriza kujambula anthu a mpira ndi a mabungwe a maliro mpaka maso anayamba kumuvuta. Sanapepese kwa aliyense, ndipo Mayi Kachingwe sanamupatsenso moni mpaka abusa anasamutsidwa.

Koma woyamba kuona chithunzicho sanali Mayi Kachingwe. Lolemba m'mawa Kingsford anadzitsekera m'kachipinda kake ka mdima, akuganiza kuti atsuka yekha n'kubisa. Potsegula chitseko anapeza Eneles atakhala pa mpando panja, beseni la madzi lili pamapazi ake, monga ankachitira nthawi zonse. Analibe pothawira. Anamupatsa pepala lonyowalo.

Eneles analiviika m'madzi, naligwedeza, nalitulutsa n'kuliyang'ana. Anayamba ndi mbuzi, napita kwa Mayi Kachingwe, ndipo apo anaseka mpaka anagwira pamimba. Kenako anafika pakati, kuseka n'kutha. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Lenzi yotchipa," anatero Kingsford, mawu ali pansi.

"Bambo a Ruby, ine ndinaona bokosi likutembenuka," anatero Eneles. "Kawiri konse linaloza kwa ine. Ulendo woyamba ndinatsokomola dala, kuti mwina mubwerera kwa amayi abusa. Simunabwerere."

Kingsford anakhala pansi pa chiundo cha khomo. Anafuna kunena za tsabola, koma misozi inayamba kutsika, munthu amene sindinamvepo kuti analira ngakhale pa maliro a mayi ake.

Eneles anaimirira movutika, napita pachingwe, napanikiza chithunzicho ndi zopanira ziwiri kuti chisapindike.

"Mwajambula bwino," anatero asanatembenuke. "Tsopano tengani cholembera. Muwalembere achimwene anga ku Ntcheu abwere adzanditenge, ndikadali ndi mphamvu zokwera basi."