Ulemu Wanga Unatsala Pang'ono Kupha Apongozi Anga

Nkhani iyi sindinachite kumva kwa munthu ayi, inachitika pakhomo panga penipeni ku Area 12, masanasana, ndipo ngakhale papita zaka sindinaiiwale. Maina sinditchula, koma bodza mulibemo.

Apongozi anga aamuna, bambo awo a amuna anga, anadzakhala nafe akazi awo atamwalira, chifukwa kumudzi kumene anakhala pa chikamwini moyo wawo wonse anthu anayamba kuwafunsa kuti kodi kwawo abwerera liti. Posakhalitsa anadwala sitiroko, mbali ya kumanja inafa ndipo mawu ankatuluka movutikira. Eni akewo anakana kugona denga limodzi ndi mpongozi, choncho tinawakonzera chipinda m'kanyumba ka kuseri.

Ine pa mwambo sindinkaseka nawo. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkagwada panja pa chitseko chawo, maso pansi, n'kupereka moni, iwo n'kuyankha ali mkati kuti adzuka bwino. Kulowamo? Ine? Mpongozi kulowa kuchipinda kwa apongozi aamuna? Azimayi anzanga a kumpingo ankachita kundiloza kuti mkazi wa m'tauni wolangika ndi uyu, ndipo ndisaname, mapewa ankakwera.

Amuna anga ntchito yawo ndi yoyendayenda, milungu iwiri kapena itatu ali kumaboma, ndiye tinalemba bambo wina woti azisamalira apongoziwo. Anali munthu wamkulu ndithu, wa imvi zoyambirira, wopatsa moni manja ali kumbuyo. Ndikafunsa za odwala ankandiuza kuti adya bwino, mbale n'kumabweradi zili mbee, koma amuna anga akabwera ankadandaula kuti bambo akutha. Ankawapeza atavekedwa jekete ngakhale kukutentha, ndipo wosamalirayo sankachoka pambali pawo. Iye ankafotokoza kuti agogo mutu wayamba kusokonekera, amagwa okha, amakuwa popanda chifukwa, n'chifukwa chake amawakwezera wailesi kuti mtima uzikhala pansi. Ife n'kumamuthokoza. Uchitsiru wina umavala ndithu zovala za ulemu.

Tsiku lina m'mwezi wa June magetsi anazima kuofesi kwathu ku City Centre ndipo anatiuza kuti tizipita kusanafike nkhomaliro. Galimoto inali ku galaja, choncho ndinakwera njinga yamoto n'kulowera pa kageti kakang'ono. Masiku onse ndinkaimba hutala pageti, osadziwa kuti hutala yangayo ndiyo inali belu lomuchenjeza munthu. Ana anali kusukulu, mlonda amabwera madzulo, pakhomo panali zii kupatula wailesi ija ndi phokoso la madzi kuseri.

Nditazungulira nyumba ndinaona zimene sindidzaiwala. Apongozi anga anali pampando wapulasitiki pakati pa kapinga, alibe chovala, dzanja lawo lamoyo lija litamangiriridwa kumpando ndi chingwe choyanikira zovala, ndipo munthu uja ankawathira madzi ndi paipi yothirira maluwa, kuzizira kwa June konse kuja. Ankawalozetsa paipiyo kumaso n'kumawauza kuti akadziipitsiranso agona momwemo. Nthiti zinkawerengeka, msana wonse mikwingwirima. Bambo sankalira n'komwe, ankangonjenjemera.

Tsono mverani chimene ndinachita, chifukwa ndi chimene chimandipweteka kuposa zonse. Ndinatembenuka. Ee, ndinapereka msana n'kuphimba kumaso, thupi linangochita lokha zimene linaphunzitsidwa. Munthu uja anaona zimenezo ndipo anadziwa pondigwirira. Anandiuza mofatsa, ngati mlangizi, kuti mayi apa si malo anu, mkazi wolangika sayang'ana apongozi ali chonchi, bwererani m'nyumba tikambirana bwino. Miyendo yanga inayambadi kuyenda.

Chinandiimitsa ndi mawu a bambo. Anandiitana dzina langa, dzina lenileni la ubatizo, limene chikwatiwire anali asanalitchulepo. Linatuluka lopindika koma ndinalimva.

Ndinabwerera. Ndinatsomphola chitenje chimene chinali pachingwe n'kuwafunditsa, ndipo ndikulimbana ndi mfundo ya padzanja ndinaona mwendo wa munthu uja pafupi nane, m'manja ali ndi chikwanje chosadzira maluwa. Anati ndiganize bwino, mpanda ndi wautali, palibe angamve, komanso ndikaulula iye adzauza mudzi wonse kuti ndinagwira apongozi ali maliseche. Mantha ndinali nawo, koma ndinamuyankha kuti akauze ngakhale pa wailesi. Kenaka ndinakuwa, kukuwa kwa kumudzi kwenikweni, kumene anthu a m'mipanda ino anaiwala. Azibambo awiri osamalira maluwa kunyumba zoyandikana analumpha mpanda, iye n'kutaya chikwanje kuthamangira kugeti, koma anamugwira asanapite patali.

Kuchipatala anapeza chibayo ndi zilonda zakale m'mikono, ndipo anati tikanachedwa sabata ina tikanalira maliro. Bambo atapezako mphamvu anauza mwana wawo kuti chakudya chinkadyedwa ndi wosamalirayo, iwo ankangopatsidwa makombo. Amuna anga atafunsa chifukwa chimene sananenere, anayankha kuti mwamuna wamkulu, amene analera ana asanu ndi awiri, angayambe bwanji kuuza mpongozi kuti akumenyedwa chifukwa chodziipitsira? Amuna anga analira ngati mwana. Nkhani inapita kupolisi ndipo umboni ndinakapereka ndekha.

Mukuganiza kuti onse anandiyamika? Alamu anga ena anabwera kudzanena kuti zothandizazo zili apo, koma ndinalakwira mwambo, ndipereke nkhuku yopepesera. Ndinawauza kuti nkhuku ndipha, koma adya ndi odwala kuti thupi libwerere. Bambo tinawalowetsa m'nyumba yaikulu, ankadya nafe patebulo, ndipo mankhwala a m'mikono ndinkawapaka ndine. Anakhala nafe zaka zina ziwiri, koma mpaka tsiku lawo lomaliza munthu akatsegula mpopi panja ankadzidzimuka n'kubisa dzanja.

Mwambo sindinautaye, ndimagwadabe. Koma lero ndimakhulupirira kuti ulemu umene umakuletsa kuona chilonda cha munthu ndi wothandiza womuzunzayo. Azibambo okalamba sadandaula, anaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, ndipo mukawafunsa muli panja adzakuuzani kuti ali bwino mpaka tsiku lowanyamula. Ngati muli ndi bambo kapena agogo amene akusamalidwa ndi munthu wina, kaya wantchito kaya m'bale, muzifika nthawi imene sakukuyembekezerani. Wosamalirayo mutumeni kumsika, inu lowani, khalani pansi, pindani manja a malaya awo muone mikono. Akakunenani kuti ndinu osalangika, vomerani. Ine ndinagwada pakhomo paja miyezi isanu ndi itatu, munthu akumenyedwa kuseri kwa chitseko.