Chipinda Chimene Ambuya Sanagonemo

Senderani kuno pafupi, nkhani iyi sindiinena mokweza.

Ndinali kamtsikana koyamba kumene kusenza ndowa pamutu pamene uthenga unafika kuti ambuya, amayi awo a amayi anga, akubwera kuchokera ku Katete kudzakhala nafe kuno ku Kafue. Miyendo inali itayamba kuwakana, ndipo kumudzi kunalibe wowatungira madzi. Nyumba yathu kukomboni inali ya zipinda ziwiri basi. Atate, amene ankagwira ntchito kufakitale ya nsalu, anati aonjezere chachitatu, ndipo chimangidwe ndi pulani ngati nyumba za mabwana.

Anabwera anthu awiri ojambula mapulani. Woyamba anali Ba Mweemba, bambo wodekha wa ku Shimabala. Asanatulutse n'tepi yoyezera yomwe anayamba mafunso. Adzagonamo ndani? Amayenda bwino? Ndi mbale wa bambo kapena wa mayi? Atate anakwinya nkhope.

"Nifuna munthu wojambula nyumba, osati kapokola wofufuza milandu," anatero atamuperekeza pamsewu.

Wachiwiri anali Ba Chanda, wansapato zowala, woseka ndi aliyense. Anangoizungulira nyumba, n'kuona kuti malo otsala ali kuseri kwa chipinda cha makolo anga. "Osavutika, mudala, nizamupangilani chamene simunaonepo." Anabwerera ndi chipepala chachikulu cha mizere yabuluu, chonunkhira ngati mankhwala a kuchipatala. Atate anachiyang'ana nthawi yaitali akugwedeza mutu. Lero ndikudziwa kuti sanaonepo kanthu, koma kufunsa pamaso pa mkazi ndi ana kunawalemera.

Makoma anakwera, zenera linalowa, malata anakhomedwa. Amayi anafunsa kuti nanga khomo lili kuti. Atate anati lili papepala, ndipo omanga anati amaboola pomaliza. Ine ndinali nditauza kale ana onse a pampopi kuti ndidzagona ndi ambuya m'chipinda cha pulani, iwo azingopanikizanabe pansi ngati tinsomba ta kapenta.

Omanga anaboola dzulo lake la kufika kwa ambuya, atate ali kuntchito, amayi ali kumsika. Ndinamva nyundo ikulira m'kati mwa nyumba. Fumbi litatsika, ndinaona khomo latsopano lili pambali penipeni pa bedi la makolo anga. Lina kunja kunalibe. Ba Chanda ankaganiza kuti chipindacho n'cha bambo ndi mayi, choikamo zovala kapena mwana wakhanda, monga amachitira kumayadi.

Inu a masiku ano mwina simukuona vuto. Kwathu mpongozi ndi mkamwini sadyera pamodzi, akakumana panjira wina amapatuka. Tsono mayi alowe m'chipinda chimene mwana wake amagona ndi mwamuna? Azidutsa pamenepo m'mawa ndi madzulo?

Ambuya anafika ndi kamtolo kawo ndi nkhuku m'manja. Anaima pabalaza, n'kusuzumira kumene amayi ankaloza. Sanakalipe. Anatuluka, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, nkhope atalozetsa kumsewu.

"Mwana wanga," anatero kwa amayi, "ndinakulakwira chiyani kuti undiitanire zimenezi?"

Anthu anayamba kudutsa pakhomo pathu ngati kuli maliro. Azimayi ankabwera kudzapempha mchere n'cholinga choti aone khomolo. Pampopi anzanga ankandifunsa kuti, "Iwe wa pulani, ambuya ako balowela pa windo?" Ndinayamba kukatunga kutali, kumene sankandidziwa. Atate ankadya nshima chowerama, maso ali m'mbale.

Ambuya ankagona kwa mayi wina wakwathu wa tsidya la msewu. Atate anatenga nyundo okha, anaboola khomo lakunja, lam'kati n'kulitseka ndi njerwa. Koma chipsera chake chinkaoneka pakhoma, ndipo ambuya anati akachiona amamva ngati ali m'chipinda cha ana awo. Mvula isanagwe anakwera basi kubwerera ku Katete.

Ndakula ndikudziwa kuti wokumangira wosafunsa amamanga nyumba ya m'mutu mwake, ndipo wochita manyazi kufunsa amadzawachita pamaso pa komboni yonse.

Ba Chanda anapita ku Lusaka, ndimamva kuti anajambula nyumba zambiri zokongola. Ba Mweemba anakalambira ku Shimabala, ankatipatsa moni bwinobwino. Atate mpaka imfa yawo sanatchulepo nkhaniyi. M'chipindamo munadzagona alongo anga. Ambuya anamwalira ku Katete dzinja lotsatira, madzi akuwatungira ana a eni.