Mahedifoni a Herbert Namakhwa

Herbert Namakhwa anabwera ku Mzuzu kuchokera ku Mulanje m'chaka cha 1984, atapeza ntchito ya umesenjala pa kampani ina yogula khofi. Anali wamfupi, wadazi, wokonda jekete ya khaki ngakhale kunja kukutentha. Chitumbuka anachigwira msanga koma sankachilankhula. Munthu akamulonjera ankangomwetulira n'kuyankha m'Chichewa, moti anthu a ku Chibavi, kumene ankakhala ndi mkazi wake Alefa, ankaganiza kuti amangodziwa "monire" ndi "yewo" basi.

Kampaniyo itatseka mu 1991, Herbert anakhala miyezi yambiri akungozungulira m'tauni. M'masiku amenewo amuna awiri a mu ofesi ina yopanda chikwangwani anamuitana. Anamulonjeza ntchito yokhazikika, bola azibwera Lachisanu lililonse kudzawauza zimene anthu akulankhula. Anavomera tsiku lomwelo.

Chaka chotsatira nkhani za matipate zinayamba kumveka. Anthu ankafuna kumvera mawailesi akunja, koma nyumba zambiri za lendi n'zogundizana, ndipo kukweza wailesi kunali kudziputira mavuto. Apa m'pamene Maulidi anapezera malonda. Iyeyu anali wa ku Mangochi, ndipo anali ndi benchi mumsika pomwe ankagulitsa mabatire, maloko ndi matochi. Anayamba kubweretsa mahedifoni kuchokera kumalire a Tanzania. Anali osavuta: kachitsulo kopyapyala kopinda pamutu, timasipika tiwiri tokutidwa ndi siponji yofiirira, ndi waya wotalika ngati mkono ndi theka. Anali opepuka, ankalowa pa kawailesi kalikonse, ndipo anali otchipa moti ngakhale alonda ankagula. Siponji ikatha anthu ankadula kachidutswa ka matiresi akale. Waya ukaduka, Maulidi ankaulumikiza uku mukucheza.

Herbert naye anapita kukagula.

"Achimwene, muli ndi wailesi yanji, ndikuyesereni?" anafunsa Maulidi.

"Ili kunyumba. Ingondipatsani olimba."

Maulidi anasankha, n'kuyesa pa wailesi yake, kenaka anawerama. "Mukafuna nkhani zenizeni, tsegulani m'mawa cha m'ma sikisi. Ndikulemberani pamene mungaikepo singano." Analemba manambala pa kachikatoni n'kumupatsa.

Herbert analibe wailesi. Ankavala mahedifoniwo, waya n'kuulowetsa m'thumba la jekete lopanda kanthu, n'kukakhala pakona mu tiyirumu ya amayi Keziya Mhango pafupi ndi msika. Ankagula tiyi ndi sikono imodzi, n'kumagwedeza mutu ngati akumva nyimbo. Anthu akalowa ankamuyang'ana, n'kuona siponji zija m'makutu, ndipo ankamasuka. Ena ankasinthira ku Chitumbuka kuti atsimikize. Herbert ankamva zonse: amene wabweretsa mapepala kuchokera ku Blantyre, amene akuwabisa m'thumba la makala, mphunzitsi amene wanyoza msonkhano.

Mphunzitsiyo anachotsedwa ntchito. Telala wina wa ku Chiputula anatengedwa kwa milungu iwiri. Lachisanu lina Herbert analibe dzina latsopano, ndipo amuna aja anamukalipira kuti akuwatayira nthawi. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kachikatoni ka Maulidi.

Maulidi anatengedwa masana, msika uli wodzaza. Mkazi wake Tausi anathamangira galimoto imene inamutengayo mpaka pamphambano, mwana ali kumbuyo, ndipo palibe anamuthandiza. Kwa miyezi inayi Tausi ndiye ankakhala pabenchi. Herbert ankadutsa pomwepo m'mawa uliwonse.

"Mlamu, kodi mwamvako za achimwene?" ankafunsa, atachotsa hedifoni imodzi kukhutu.

"Ayi, bambo. Tingodikira Mulungu."

"Limbani mtima. Siponji ilipo? Yangayi yatha."

Maulidi atabwerako anali wowonda, ndipo khutu lake lakumanzere silinkamvanso. Kumene anamutsekera ankamumenya makofi m'makutu ndi manja awiri, akumufunsa kuti anthu amene amawagulitsa mahedifoni ndi ndani. Sanatchule aliyense. Chimene chinamusowetsa mtendere n'chakuti anamuonetsa kachikatoni kolembedwa ndi dzanja lake, koma iye anali atalembera anthu ambiri, moti sankadziwa amene anamupereka.

Zinaululika mwangozi mu Epulo 1993. Herbert akudzuka mu tiyirumu, waya unakodwa pa msomali wa benchi n'kusololoka m'thumba. Kumapeto kwake kunalibe chilichonse. Amayi Keziya, amene ankapukuta tebulo, anaona. Anaonanso mmene jekete, imene Herbert anaikoleka paphewa, inapepukira itagwera pansi. Anaitola n'kumupatsa.

"Adada, wailesi mwaiwala kunyumba lero?"

"Ee, mabatire atha."

"Nanga mutu mumagwedezera chiyani?"

Herbert anaseka, n'kutuluka. Amayi Keziya anauza anthu awiri okha, koma pofika Loweruka msika wonse unkadziwa. Palibe anamukhudza, chifukwa mantha anali adakalipo. Akalowa mu tiyirumu anthu ankayamba kukamba za mtengo wa feteleza ndi mpira. Ku ofesi ija anamuuza kuti asabwerenso. Za ntchito sanazitchule.

Mu Juni, nyali, chizindikiro cha matipate, itapambana pa referendamu, anthu anadzaza misewu ya Mzuzu akuimba. Herbert akanakhala m'nyumba tsiku limenelo, koma Alefa anali atamutuma kukagula palafini. Anyamata onyamula katundu mumsika anamugwirira pafupi ndi mzere wa nyemba, n'kumukokera ku benchi ya Maulidi. Wina anatenga mahedifoni atsopano pamalonda n'kumuveka.

"A Maulidi, munthu wanu uja ndi uyu. Timutani?"

Maulidi anatembenuza mutu kuti amve ndi khutu lakumanja, ndipo mnyamatayo anabwereza. Herbert anagwada.

"Achimwene, ndinali pa ulova. Ine ndi inu ndife akumwera tonse, ndikhululukireni."

Maulidi anamuyang'ana. Kenaka anati, "Sindikumva zimene akunena," n'kupitiriza kusanja mabatire.

Tausi ndiye anayamba. Anamumenya khofi pa hedifoni yakumanzere mpaka pulasitiki inasweka n'kulowa m'khutu. Atatero ena onse analowerera. Ankamumenya m'makutu mokhamokha, mmodzi akachoka wina n'kubwera, ena akufunsa m'Chitumbuka ngati tsopano akumva bwino. Telala wa ku Chiputula anamenya kawiri n'kubwerera kumapeto kwa mzere kuti adzamenyenso. Panali ngakhale anthu amene sankamudziwa n'komwe, ongodutsa, amene anamva kuti agwira kazitape. Amayi Keziya anaima pakhomo la tiyirumu atapinda manja. Atamusiya, magazi anali atanyowetsa kolala ya jekete, ndipo botolo la palafini wina anali atalitenga.

Anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Anatuluka khutu limodzi litafa, linalo likungomva ngati munthu ali m'madzi. Alefa anapirira mpaka Seputembala. Pa mpopi amayi ankachotsa ndowa yake pamzere n'kuiika kumbuyo, ndipo tsiku lina anapeza zovala zimene anayanika zitaponyedwa m'ngalande. Anakwera basi ya ku Mulanje mwamuna wake ali ku ganyu, osasiya uthenga.

Herbert sanabwerere kwawo. Mwina ankachita manyazi, mwina analibe kopita, palibe anamufunsa. Anapeza ntchito pa chigayo china ku Nkhorongo, chifukwa mwini wake anati phokoso silingamuvute. Ankakhala woyera ufa kuyambira m'mawa, osalankhula ndi munthu. Pa chisankho cha mu Meyi 1994 anakaima pamzere ngati wina aliyense, ndipo amene anali kutsogolo ndi kumbuyo kwake anasiya mpata waukulu.

Malonda a Maulidi sanagwe. Ufulu utabwera anthu sankabisanso wailesi, koma mahedifoni ankagulidwabe, tsopano ndi ana asukulu ndi makondakitala ofuna kumvera makaseti. Anawonjezera benchi yachiwiri. Woyesa katundu anali Tausi, popeza Maulidi sankatha kudziwa ngati mbali zonse ziwiri zikulira.

Herbert anafa mu Ogasiti chaka chomwecho. Ankawoloka msewu cha m'ma teni m'mawa atasenza thumba la gaga, ndipo lole ya matabwa inali kutsika. Dalaivala anaimba hutala katatu. Amene anaona anati pamalopo panali anthu oposa khumi, ena pafupi moti akanatha kumukoka ndi dzanja.

Mwini chigayo anagula matabwa a bokosi, ndipo mpingo unatumiza akulu awiri. Kunalibe kwaya. Alefa anafika patapita sabata, maliro ataikidwa kale. Anafunsa mwini nyumba ngati bulangete ndi mapoto zilipo, anazimanga m'chitenje, n'kufunsanso nthawi imene basi ya ku Blantyre imanyamuka.