Galu Wobwezedwa Amene Ndinapatsa Mnzanga

Inu owerenga, ine ndine munthu wachimwemwe. Polima ndimaimba, potunga madzi ndimaimba, ngakhale pokwera phiri ndi mtolo wa nkhuni nyimbo imangotuluka yokha. Zidzukulu zadzaza bwalo, mbuzi zadzaza khola, Mulungu wandikomera mtima ine, wandikomera ndithu. Koma lero ndakhala pansi ndi zilembo zanga zokhotakhotazi kuti ndiulule cholakwa changa. Ndinapereka galu wopha agalu anzake kwa mnzanga wapamtima, ndikudziwa, ndipo pakamwa ndinatseka.

Kwathu ndi kumtunda kuno kufupi ndi Tsangano, kozizira, kwa mbatatesi. Malemu amuna anga anagwirapo ntchito ku Joni pa famu ya nkhosa. Kumeneko anaona agalu akuluakulu osakhala pakhonde ayi, okhala ndi ziweto, kuyenda ndi ziweto, kugona ndi ziweto. Atabwerera kumudzi nkhani inali yomweyo, agalu aja, agalu aja, mpaka mwana wathu woyamba, amene naye anakalowa ntchito komweko, anatibweretsera tiana tiwiri, kakakazi ndi kakamuna. Ee, tinkati tiana! Chaka chisanathe anali ngati ana a ng'ombe, ubweya wotuwa, kukamwa kwakuda bii ngati anapisa m'makala.

Kaleredwe kake n'kosiyana ndi ka agalu athuwa. Kamwana kakangoleka kuyamwa umakaika m'khola la mbuzi. Sukanyamula, sukaseweretsa, sukalola kuyendayenda m'mudzi. Kamakula kakununkha mbuzi, kakuyesa mbuzi ndi abale ake. Akakula, fisi sayandikira, nkhandwe siyandikira, wakuba amalambalala patali.

Anthu atamva anayamba kubwera kudzapempha ana. Kwathu kuno galu sitimutchulira mtengo ngati mbuzi. Wotenga amasiya nkhuku, akuti kuti galuyo akakhale wamphamvu. Koma amuna anga nkhuku yokha sinkawakwanira. Ankamukhazika munthu pampando n'kuyamba mafunso: khola lili pati, nyumba za anzanu zatalikira bwanji, muli ndi agalu ena kodi? Ena ankawabweza chimanjamanja, nkhuku yawo kukhwapa. Wopatsidwa ankamuuza kuti galuyo akamukanika asamuphe, asampatse wina, abwere naye kuno kumene anabadwira. Ine ndinkawaseka, ndinkati mwasanduka nankungwi wa agalu inu, kulangiza ngati tikupereka mkwatibwi.

Atamwalira, mafunso aja anapita nawo kumanda. Ine ndinkangolandira nkhuku, n'kumavina mumtima ndikamva anthu pamsika akutama agalu a kwathu.

Galu wathu Mphenzi anabadwa chaka chotsatira. Anali wokongola, abale inu, anali wokongola! Koma ndinaona ali wamng'ono kuti kaseweredwe kake sikanali kusewera. Akagwira mbale wake pakhosi sankasiya. Kamodzi kanatsimphina mlungu wathunthu. Ndinaona ndi maso angawa, n'kungoti eya, mwamuna uyu. Atabwera a Maseko a ku Kandeu, bambo wolima chimanga amene anali ndi mbuzi zambiri, ndinawapatsa Mphenzi osawafunsa kanthu, osawauza kanthu.

Panapita chaka ndi miyezi. Tsiku lina masana galimoto yodzatenga mbatatesi inaima pamsewu, a Maseko n'kutsika ndi galu pa tcheni.

“Mayi, galu wanu uyu,” anatero asanakhale n'komwe pansi. “Mbuzi sanatayeko ngakhale imodzi. Ana amamukwera pamsana ngati bulu. Koma agalu a anzanga wapha awiri. Pano ndikadutsa, anthu amayang'ana kumbali. Kodi ndizidya mbuzi ndekha, pamaliro panga adzabwere ndi agalu?”

Ndinamulandira, poti ndikanatani? Koma manyazi, inu owerenga, manyazi! Kumjigo amayi anandilandira ndi nthungululu zachipongwe. Mmodzi anati, “Gogo, tamva mwana wanu ukwati watha, amubweza ndi katundu yemwe!” Ndinaseka nawo, mawu anga ndiwo anamveka pamwamba. Galuyo ndinamumanga kuseri kwa nkhokwe. M'khola sakanalowa, chifukwa akangoona bambo wake ubweya wapamsana unkaima. Tcheni inalira usana wonse. Ine m'mutu munali chinthu chimodzi: achoke, achoke mbiri isanafike pamsika.

Ndiye panabwera ukwati wa mdzukulu wanga, ndipo anabwera a Nangozo. A Nangozo ndi mnzanga wa kuutsikana. Tinatungira pachitsime chimodzi, tinalangizidwa m'nyumba imodzi, iwo n'kukakwatiwa kumunsi ku Sharpevale. Nawonso ndi amasiye. Tili kukhitchini kusenda mbatatesi za ukwati, anandidandaulira kuti fisi wawathera mbuzi, zangotsala zisanu. Potuluka kukataya makoko anakumana ndi Mphenzi. Iye anagwedeza mchira, anawanyambita dzanja, anagona chagada ngati kamwana.

“Anzanga, ameneyu mukusungira ndani? Kapena mwapeza mwamuna wina simunatiuze?” anandiseka. “Ndipatseni ine. Nanga mwamumangiranji chonchi?”

Pamenepo ndi pamene ndinachimwa. Ndinati sanazolowere anthu ambiri a ukwatiwa.

Ndinkadziwa kuti a Nangozo ali ndi kagalu kawo. Dzina lake Tilekeni, kagalu kachabechabe kamakutu ogwa, kokalamba, kamene anasiya amuna awo. Kankawatsata kumunda, kankawatsata kutchalitchi n'kumawadikira pakhomo mpaka ameni. M'nyumba yawo munalibe wina wolankhula naye koma iko. Mawu anafika pakhosi panga apa, anafika ndithu, ine n'kuwameza. Ndinadziuza kuti kaja n'kokalamba, n'kakang'ono, Mphenzi sangavutike nako. Ndinangowauza kuti masiku oyamba akamumange m'khola kuti azolowerane ndi mbuzi.

Atanena za nkhuku ndinakana. Ndinati kwa inu ayi, ndife amodzi. Iwo anayesa chikondi, anandikumbatira. Lero ndikudziwa chimene dzanja langa linakanira nkhuku ija. Linkadziwa kuti chimene ndikupereka si mphatso.

Milungu itatu inadutsa bwinobwino. Anandiimbira foni akusekerera, akuti fisi wasamuka, mbuzi zanenepa. Ine ndinavina pabwalo panga ndekha, ndinati zatha, zandichoka, aleluya!

Mlungu wachinayi, m'mawa dzuwa litatuluka, anamumasula Mphenzi kuti apite ndi mbuzi kudambo. Tilekeni kanapita kukamwa madzi m'beseni la pakhomo pa khola, monga kankachitira zaka zonse. Mphenzi sanauwe, akuti sanauwe n'kamodzi komwe. Anangokagwira pakhosi n'kukapukusa ngati sanza. A Nangozo anathamanga opanda ndodo, opanda chilichonse, n'kupisa dzanja lamanja pakati pa mano. Galu sanasankhe. Kagalu kanafera pomwepo, ndipo dzanja analiboola mpaka kuseri.

Anawatengera kuchipatala, anawasoka. Amuna a m'mudzimo anabwera ndi zibonga kuti amuthere galuyo, koma iwo anakana, anati mwini wake abwere kaye.

Uthenga utandipeza ndinatsika phiri pa minibasi, ulendo wonse osaimba. Ndinawapeza pamphasa pansi pa mtengo wa mango, dzanja litakulungidwa, abale atawazungulira. Ndipo onani mmene Satana amatsegulira khomo lachiwiri! Abalewo ndiwo anayamba kundipepesa ine. Wina anati mwina ndi chiwewe. Wina anati ayi, ndi kutentha kwa kuchigwa kuno, galu wa kumapiri kwamusokoneza mutu. Mlamu wawo anati musadandaule mayi, inu munapereka ndi mtima wabwino. Ndikanangogwedeza mutu, ndikanabwerera kwathu woyera ngati ufa.

Koma ndinayang'ana zala zimene zinatulukira kunsonga kwa bandeji, zotupa, zosagwedezeka. Ndinagwada. Ndinati galuyu sanapenge, katemera wa chiwewe analandira. Ndinati anapha awiri ku Kandeu, n'chifukwa chake anabwezedwa, n'chifukwa chake munamupeza pa tcheni. Ndinati ndinkadziwa, ndipo Tilekeni ndinamukumbukira tsiku lomwelo.

A Nangozo anandiyang'ana nthawi yaitali, misozi osatuluka.

“Ha, anzanga,” anatero motsitsa mawu. “Mukanandiuza ndikanamutengabe, mbuzi zanga zinali kutha. Tilekeni ndikanakamusiya kwa mwana wanga kutsidya kwa msewu, n'kumakamuona. Basi. Mawu awiri okha, munandimana.”

Kundimenya kukanakhala bwino, inu owerenga. Ndinabisa pofuna kuti galu asakanidwe, pomwe sakanakanidwa n'komwe.

Ndinapempha kuti asamuphe, ndimutenge. Mlandu sunali wake. Iye anachita zimene magazi ake ndi kaleredwe kathu zinamuphunzitsa, kuti chilichonse cha mano choyandikira mbuzi ndi mdani. Amuna aja anang'ung'udza, koma analola. Ndinabwerera naye kuseri kwa lole, tcheni ili m'manja mwangamu.

Kumudzi ndinaitana alangizi a ziweto. Anamufula. Anandiuza kuti kufulako sikuchotsa khalidwe lonse, ndisadzinamize. Anandiuzanso kuti agalu a mtunduwu ambiri sakonda agalu achilendo, koma wofika pakupha chonchi sayenera kubereka, ndipo makolo ake asaberekenso limodzi. Ndinamvera. Ana anga anamanga khola lina kumunda wathu wa kumtunda, kopanda nyumba za anthu, n'kulizinga ndi mpanda wa nsungwi ndi waya. Mbuzi theka zinapita kumeneko, Mphenzi nazo. Akamatuluka amatuluka pa chingwe, munthu wamkulu atagwira. M'mawa uliwonse ndimakwera ndi phala lake la madeya, mawondo akulira, iye n'kundichingamira mchira uli pikupiku. Ndimamukonda, nanga n'kumuda bwanji? Adzafera pakhomo panga ameneyo.

Tsono mverani, inu oweta agalu ndi kugawira anzanu. Kamwana kakachoka m'manja mwanu sikuti udindo watha ayi. Munakabereketsa ndinu, magazi ake mukuwadziwa ndinu. Chimene mwaona ali wamng'ono musachitche umuna. Wodzatenga mukhazikeni pansi, mufunseni za pakhomo pake, ndipo ngati sipoyenera mubwezeni, akwiye lero. Galu akabwezedwa mulandireni, anthu aseke, kuseka sikuboola dzanja. Ndipo mukafuna kumupezera pena, nenani zonse, zonse, ngakhale zochititsa manyazi: wapha angati, anayamba bwanji, amadana ndi chiyani. Wokana akane akudziwa, wovomera avomere akudziwa. Inunso olandira, galu wamkulu akamaperekedwa mwachangu funsani kawiri, funsani katatu, mufunsenso kumene anachokera. Ndipo agalu akagwirana musapisepo dzanja, ndapota nanu. Thirani madzi, itanani anthu.

A Nangozo anachira, koma zala ziwiri sizipindika. Khasu amagwira movutika, lichero limawapulumuka. Anandikhululukira pamaso pa amayi a mpingo, anati zatha, ndipo timachezerana, timaseka, maliro timayendera limodzi.

Mwezi wathawu anabwera kwathu. Ndinawatapira nyemba zambewu m'kathumba, ndinati izi ndi zocha msanga, kuchigwa kwanu zikachita bwino. Analandira ndi manja awiri, anathokoza, anamwetulira. Kenaka anatembenukira kwa mpongozi wanga, amene ankatsuka mbale chapafupi, n'kumufunsa chapansipansi, akuyesa sindikumva:

“Mwanawe, n'zoona zimenezi?”

Zaka makumi asanu mawu anga sankafuna mboni kwa mnzangayo. Lero akufuna, ngakhale pa nyemba. Inu owerenga, nenani zoona galu asanakwere galimoto.