Mutu Wometa Pakhomo pa Ofesi

Chaka chimenecho ndinataya izi: mkazi wanga, mwana wamwamuna amene sanalire n'komwe, nyumba ya zidina imene ndinamanga ndi manja anga kwawo kwa mkazi wanga ku Chimaliro, kamunda ka nandolo kuseri kwake, ntchito ya uphunzitsi, tsitsi la m'mutu mwanga. Amene anatsala ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu. Za iyeyo ndi zimene ndinkayendera m'maofesi a m'minda ya tiyi.

Ndinali mkamwini. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo ku Thyolo ndinabwera ndi uphunzitsi nditamaliza koleji ya amishoni. Uphunzitsiwo ndi umene unayamba kuchoka. Anandiuza kuti ndisamukire kusukulu ina kuchigwa, kotentha, kutali ndi chipatala. Mkazi wanga anali ndi pakati, miyendo itatupa, ndipo sakanatha kusiyana ndi amayi ake. Ndinakana. Akuluakulu a sukulu anati wokana kupita kumene watumidwa wadzichotsa yekha. Basi ndinayamba kufuna ukalaliki.

Ofesi yoyamba inali pafupi ndi fakitale, moti fungo la tiyi wowuma linkalowa mpaka m'malaya. Tinalipo angapo pabenchi ya pakhonde, aliyense envulopu ya masatifiketi pamwendo. Amene ndinakhala naye pafupi anali atavala jekete yobwereka, manja ake ofika kuzala. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Achimwene, tayi imeneyi mukufuna ntchito kapena mwana wa bwana?"

"Chimene andipatse," ndinatero.

"Akupatsani galu uyo," anatero, ndipo benchi yonse inaseka chapansipansi, poopa mesenjala.

Galuyo analidi m'kati, atagona pansi pa tebulo. Ndinavula chipewa ndisanaponde pakhomo, monga ankachitira munthu wakuda aliyense masiku amenewo, ndipo ndinaima. Bwanayo anandipatsa masamu owonkhetsa, kenaka anandikhazika pa makina a taipi. Masamu ndinakhoza. Taipi ndinkangojompha ndi zala ziwiri ngati nkhuku pamphale.

"Mphunzitsi amasiyiranji sukulu?" anafunsa m'Chingerezi. "Aphunzitsi mumalankhula kwambiri. Umawerenga nyuzipepala?"

"Ndikaipeza, bwana."

"Kuno usamaipeze."

Anati ndibwere Lolemba adzandiyese kwa mwezi umodzi. Ndinabwerera ndikuyenda mofulumira, ndikukonza mumtima mmene ndikamuuzire mkazi wanga za galuyo, chifukwa ankakonda kuseka zotere. Nditawoloka kamtsinje ka kumunsi kwa mudzi ndinapeza masamba aawisi atayalidwa panjira. Ndinawalambalala mwaulemu, ndikuganiza kuti yamwalira ndi nkhalamba ina ya kumtunda imene inkadwala. Kenaka ndinaona kumene anthu anasonkhana.

Mkazi wanga matenda a uchembere anamuyamba dzuwa lili pamutu. Machila opita naye kuchipatala anali asanamangidwe n'komwe.

Lolemba lija ndinali pamphasa ya maliro. Pamene ndinapita kukaonekera, pa makina a taipi panali patakhala wa jekete yobwereka uja. Anandiona pawindo, anayang'ana mutu wanga wometa, n'kuweramira pa makinawo.

Anatimeta tonse patapita masiku ochepa, monga mwa mwambo. Anandimeta ndi mlamu wanga, mchimwene wake wamkulu wa mkazi wanga, amene anali mwini mbumba. Anameta ine, kenaka mwana, amene ankalira poopa lumo. Atatha anakhala nane pambali pa nkhokwe.

"Alamu, ife sitikukuthamangitsani. Munakhala nafe bwino. Koma mwambo mukuudziwa. Tikakolola tikusudzulani."

"Ndikudziwa."

"Mwanayu ndi wa pano."

"Ndikudziwanso."

"Mukapeza ntchito pafupi, ya nyumba, azibwera kwa inu. Akafika poyamba sukulu azikhala komweko, poti inu ndinu a mabuku. Koma ku Ntcheu ayi. Kumeneko sitingadzamuonenso."

Sanalankhule mwankhanza. Ndikanakhala ine mwini mbumba ndikananena zomwezo. Tsono nkhani inatsala pamenepa: ntchito ya nyumba chimanga chisanalowe m'nkhokwe, apo ayi ndibwerere kwathu ndekha.

Ofesi yachiwiri inali cha ku Changata. Ndinanyamuka tsitsi lisanamere. Njira yonse inadutsa m'tiyi, ndipo dzuwa litakula ndinavula chipewa kuti ndipukute thukuta. Otchola tiyi amene ndinakumana nawo, madengu kumsana, ankandipatukira n'kunena kuti pepani. Sanafunse zambiri. Ine ndinkangogwedeza mutu.

Bwana wa kumeneko anali wachikulire, wofiira m'khosi. Anali ndi masatifiketi anga m'manja pamene ndinalowa, ndipo ankaoneka wokhutira nawo. Kenaka anakweza maso. Chipewa chinali m'manja mwanga.

"Watuluka liti?"

"Kuti, bwana?"

"Kundende."

Zinali zaka za Chitaganya. Anthu ambiri a m'midzi yozungulira minda anali atamangidwapo pa nkhani za malo, ndipo ankabwerako mitu ili mbee. Kwa mzunguyo mutu wometa unali ndi tanthauzo limodzi lokha.

"Sindinamangidwepo, bwana."

"Nanga tsitsi lili kuti?"

Chingerezi choyankhira ndinali nacho. Ndinali nditaphunzitsa ana mawu onsewo pabolodi. Koma chiyambire tsiku la masamba panjira ndinali ndisananene ndi pakamwa panga chimene chinachitika, kwa munthu aliyense, m'chilankhulo chilichonse. Kumudzi sikunkafunika kunena. Anthu ankadziwa.

"Ndi mwambo wathu, bwana."

"Mwambo," anatero, akubweza mapepala mu envulopu. "Nonse mumatero."

Pakona panali kalaliki wachikuda, wa imvi. Iye ankadziwa bwino chimene mutu wanga unkanena. Anapitiriza kulemba osadzutsa nkhope. Sindinamuimbe mlandu. Naye anali ndi nyumba ya kampani ndi ana ake m'menemo.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kudikira tsitsi. Kunamveka malo ena awiri koma sindinapiteko. M'mawa uliwonse mwana ankabwera kuchokera kwa agogo ake, kumene ankagona tsopano, n'kukwera pamwendo panga. Ankasisita mutu wanga, kenaka wake.

"Ababa, lanu likubaya."

"Lako?"

"Langa silibaya. Amayi akabwera adzandiluka."

Ndinkamutsitsa n'kumuuza kuti akasewere. Chimanga kumunda chinali chitayamba kuuma masamba. Apongozi anga, amene mwa ulemu sitinkayang'anana kumaso, anayamba kutuma mng'ono wake wa mkazi wanga kuti azindibweretsera madzi osamba. Anali mtsikana wamanyazi, wofanana ndi mkulu wake poyenda. Ankatula ndowa n'kuthawa. Ndinamva chimene akuluakulu ankatanthauza: akalowa m'malo mwa mkulu wake, kusudzula kulibe, nyumba ndi mwana zikhala mmene zinalili. Palibe amene anandiuza poyera. Ndinayamba kukadzitungira ndekha.

Ofesi yachitatu inali cha ku Kapichi. Linali tsiku la chiperoni, kamvula kosalekeza, nkhungu itaphimba mizere ya tiyi moti munthu unkangomva mawu a kapitawo osamuona. Tsitsi linali litamera mokwanira. Mkulu wa makalaliki kumeneko ankandidziwa, tinkakumana kumisonkhano ya mpingo. Anandikokera kuseri kwa ofesi ndisanalowe.

"Aphunzitsi, mvetserani. Malo alipo, nyumba ilipo, iyo mukuiona apoyo, ya malata, zipinda ziwiri. Koma bwana uyu amafuna wapabanja. Amati osakwatira amangophunzira ntchito n'kuthawira ku Halale. Akakufunsani, inu mungoti inde."

"Mukudziwa mmene zilili, bambo."

"Ndikudziwa, n'chifukwa chake ndikukuuzani. Kumudziko malemu sanasiye mng'ono wawo? Mwezi ukamatha nkhani idzakhala itakhala yoona. Mzungu akazi athu amawasiyanitsa ngati?"

Anaseka pang'ono, n'kundimenya paphewa. Ankandifunira zabwino.

Bwanayo anali wachinyamata, wa msinkhu wanga, wolankhula mofatsa. Anandipatsa masamu, ndinakhoza. Anandiuza kuti ndilembe zimene akunena, ndipo anayamikira kalembedwe kanga. Za taipi anati ndidzaphunzira. Za nyuzipepala sanafunse. Ndinayamba kuona mwana akusewera pakhonde la nyumba ya malata ija.

"Uli ndi mkazi?"

"Inde, bwana."

Sindinanene potsata malangizo a mkulu uja. Mawuwo anangotuluka okha, monga ankatulukira kale lonse munthu akandifunsa.

"Ana?"

"Mmodzi. Wamkazi."

"Chabwino. Ubwere nawo Loweruka adzaone nyumba. Mkazi wanga amasonkhanitsa akazi a makalaliki kuwaphunzitsa kusoka. Wako amasoka?"

"Amasoka bwino kwambiri, bwana. Malaya ndavalawa..."

Ndinayang'ana pamkono. Panali pamene anabwereza ulusi kawiri chifukwa ndinkang'amba pogwira choko pabolodi. Anasoka atakhala pakhomo, miyendo yotupa ija atatambasula, akundinena kuti ndimavala ngati mwana. Ndinaona kuti Loweruka pakhomo la nyumba ija padzaima mtsikana wamanyazi uja, ndipo ine ndidzanena kuti uyu ndiye anasoka.

"Bwana," ndinatero, "anamwalira."

Kanali koyamba kunena. Mawu anga anamveka ngati a munthu wina amene akuwerenga chidziwitso m'tchalitchi.

Mzunguyo anasuntha cholembera kuchoka mbali ina ya tebulo kupita mbali ina.

"Liti?"

"Nthawi ya mvula."

"Pepa kwambiri." Ndikhulupirira kuti ananena zochokera mumtima. Kenaka anati: "Koma poyamba unati inde."

"Ndinatero, bwana."

Anafotokoza kuti nyumbayo ndi ya banja, kuti lamulo si lake koma la kampani, kuti mwamuna yekha ndi mwana wamng'ono sangasunge nthawi ya ofesi, pakuti mwana akadwala adzamuyang'ana ndani. Anati ndikadzakwatiranso ndidzabwere, adzandikumbukira. Anaimirira pondipatsa envulopu yanga, chinthu chimene mzungu wina aliyense anali asanandichitirepo.

Mkulu wa makalaliki anandiperekeza mpaka pamsewu, atafunda thumba kumutu.

"Aphunzitsi, mwaitaya nokha. Inali m'manja. Mukanangotseka pakamwa basi."

"Zikomo, bambo, pondiyesera."

"Sukulu yambiri imeneyi," anatero, koma mawu ake anali achisoni. "Nanga mwana?"

Ndinavala chipewa n'kulowa m'nkhungu.

Anandisudzula chimanga chitalowa m'nkhokwe. Panali thobwa, panali akuluakulu a mbali zonse ziwiri, pakuti amalume anga anabwera kuchokera ku Ntcheu. Mlamu wanga analankhula bwino za ine. Anati ndinali mkamwini wosakangana ndi munthu, ndipo tsopano ndine womasuka kukakwatira kumene ndifuna. Ananditulutsira bokosi langa la mabuku, bulangete ndi mpando umodzi. Khasu linatsala, mbale zinatsala, chitseko chimene ndinapala ndekha chinatsala pamalo pake. Apongozi anatuma munthu kudzandipatsa chinangwa chophika cha panjira, iwo ali chakumbali, nkhope atalozetsa kunkhokwe.

Mwana anamuuza kuti ndikupita kuntchito. Anakwera pamwendo panga, n'kundivula chipewa, n'kusisita.

"Lamera," anatero. "Silikubayanso."

Ine ndi amalume tinakakwera sitima ku Luchenza. Ntchito ya ukalaliki ndinadzaipeza kwathu komweko, m'sitolo ya Mmwenye, kumene sanandifunse za tsitsi kapena za mkazi. Ku Chimaliro ndinkapita nthawi ya Khirisimasi. Ulendo woyamba mwana anandithamangira. Ulendo wachiwiri anabisala kuseri kwa agogo ake, ndipo atamukankhira kutsogolo anagwada n'kundipatsa moni ngati mlendo. Anali atamuluka bwino. Anamuluka ndi mng'ono wa amayi ake uja, amene tsopano ankamutchula kuti amayi.

Anthu amene amadziwa nkhaniyi amandifunsa ngati ndimadandaula kuti sindinakhale chete tsiku la chiperoni lija. Ndimawauza kuti sindidziwa, ndipo ndi zoona. Chimene chimandibwerera kawirikawiri si ofesi imeneyo ayi, koma m'mawa wa tsiku la ofesi yoyamba. Mvula inali itagwa usiku, bwalo lili matope. Mkazi wanga anali atadzuka kale ngakhale ndinamuletsa, ataika makala m'simbi n'kusita malaya aja. Anandimanga tayi yekha, mimba ikundikankha, akuseka kuti munthu wa koleji sadziwa kumanga chingwe cha pakhosi pake. Mwana anali atagwira chitenje chake. Ndinamufunsa ngati akumva bwino, kapena ndikhale ndipite tsiku lina. Anandikankha pamsana kunditulutsa pakhomo. Nditafika pa nandolo anandiitana, dzanja lina lili m'chiuno, lina litagwira chitseko.

"Aphunzitsi! Mukafika kwa mzunguyo muvule chipewa, si ana a sukulu amenewo. Pitani, dzuwa likukwera. Mutipeza."