Mwendo wa Mlongo Wanga

Ndinali nditangopuma pa ntchito ya uphunzitsi ku Nyimba pamene alamu anga anandiimbila foni kuti mlongo wanga wagonekedwa m'chipatala china cha m'dela la Petauke. Mlongo wangayo ndiye wonditsatila pobadwa. Anali atadwala matenda a shuga kwa zaka zambili, ndipo m'nyengo yopalila chisonga chinamubaya kuphazi ali kumunda. Chilonda chinakana kupola. Pofika kuchipatala phazi linali litada kale. Madokotala anati mwendo uyenela kudulidwa m'munsi mwa bondo, apo ayi kuwolako kukwela ndipo kumutenga. Iye anayankha kuti sanena kanthu kufikila mwini mbumba atabwela. Mwini mbumbayo ndine, kuyambila pamene amalume athu anamwalila.

Ndinakwela minibasi yoyamba m'mawa mwake. Alamu ndinawapeza atakhala pa njelwa pafupi ndi khumbi la odwazika, pamene akazi anali kutsuka mbale. Ndinawafunsa chifukwa chake sanamulimbikitse mkazi wawo kuvomeleza. Anandiyankha osakweza maso.

"Ine ndine wongokwatila, alamu. Mwendo umenewo ndi wa kwanu."

Nthawi yoona odwala inali isanakwane, koma anesi aakulu a m'wodi ya akazi, mayi wa imvi wolankhula pang'ono, atamva kuti ndine yani anandilowetsa. Mlongo wanga anali ataonda. Fungo la chilonda linandifikila ndisanafike pa bedi. Ndinali nditakonza m'njila mawu ambili omulimbitsa mtima, ndipo ndinawayamba, koma anandidula.

"Alongo anga, mpeni sindiuopa. Koma akadula, mwendowo aupeleka kuti?"

Ananditsogoza maso ku zenela. Kuseli kwa nyumba yochapila kunali ng'anjo ya njelwa yofuka utsi. Akazi anzake a m'wodi anali atamuuza kuti zonse zochokela ku chipinda cha opaleshoni zimatenthedwa mmenemo. Iye anati amayi athu anamubala ndi miyendo iwili, ndipo safuna kuti wina upse pamodzi ndi mabandeji. Anafuna ukaikidwe ku manda a kwathu, kufupi ndi Kacholola, kumene thupi lonse lidzautsatila. Za manda amenewo mwamuna wake analibe mawu, ndiye chake anandidikila.

Ine ndinakalambila pa sukulu, pamene mawu a mphunzitsi wamkulu amatseka nkhani iliyonse. Ndinayesa kuti chipatala nachonso chili ndi mutu umodzi, ndipo ndikangoupeza zonse zitha. Ndinayambila kwa adokotala. Anali mayi wachitsikana wochokela ku chigawo china, wolankhula Chinyanja cha ku Lusaka chimene sindikanachilola m'kalasi mwanga, koma tanthauzo lake linali losabisika. Anati siginecha yanga ilibe ntchito, pakuti lamulo lifuna mawu a wodwala mwiniwake. Anatinso katswili wogonetsa odwala anali kupita ku Chipata m'mawa mwake, chotelo ngati opaleshoni siichitika madzulo a tsiku lomwelo, idikila sabata yotsatila, ndipo mlongo wanga analibe masiku otelo. Za kumene mwendo upita, anati ulamulilo wawo umathela pa khomo la chipinda cha opaleshoni.

Ndinabwelela kwa anesi aakulu. Iwo anati mabedi, anesi, mankhwala a m'wodi ndi nsalu ndi zawo. Koma zotayidwa zonse amaziyang'anila ofisala wa zaumoyo, ndipo nyumba yachisoni ili pansi pa woyendetsa chipatala, amene amasunganso makiyi a galimoto, khitchini ndi malipilo a antchito. Ofisala wa zaumoyo ndinamupeza akuyesa madzi pa thanki. Anandimvela mwaulemu, nati mwendo wowola ndi chinthu chotenga matenda, ndipo iye yekha sangautulutse pa geti popanda woyendetsa chipatala kudziwa. Woyendetsayo anali mu msonkhano wa akuluakulu a madipatimenti.

Ndinakhala pa benchi ya kunja kwa ofesi yawo, chipewa changa chili pa maondo. Palibe amene anandinyoza tsiku limenelo, ndipo palibenso amene anandinamiza. Aliyense ananena zoona za gawo lake, nalekela pa malile. Koma dzuwa linali kupendeka, ndipo ndinaona anesi akukankhila wodwala wina ku opaleshoni pa nthawi imene ikanakhala ya mlongo wanga.

Woyendetsa chipatala atatuluka, ndinapeza kuti ndi bambo wa msinkhu wanga, Mnsenga wa konkuno. Ndisanamalize kufotokoza anali atagwedeza kale mutu. Anati nkhani yotele siyoyamba, ngakhale kuti siibwela kawilikawili.

"Muno tili mafumu anayi, aphunzitsi, ndipo aliyense ali ndi munda wake. Mukamatiyendela mmodzimmodzi, mlongo wanu afa tonse tili olungama. Khalani pansi."

Anatuma wa pa khomo kukaitana adokotala, anesi aakulu ndi ofisala wa zaumoyo. Anakambilana ataimilila, ine ndili pomwepo. Ofisala wa zaumoyo anavomela, naika zofunika zake: antchito a chipatala ndiwo akulunge mwendowo ndi kuutsekela m'bokosi, bokosilo lisatsegulidwe ndi munthu aliyense, ngakhale wachibale, likwililidwe mozama monga malilo enieni. Woyendetsa anati ligona m'nyumba yachisoni kufikila m'mawa, ndipo adzandilembela kalata yoonetsa apolisi a pa msewu. Adokotala anayang'ana wotchi, nati akufuna yankho la wodwala tsopano lino.

Anesi aakulu anapita nane ku wodi. Ndinagwada pambali pa bedi, ndi kumuuza mlongo wanga zonse monga zinagwilizanidwa, osachotsa ngakhale za bokosi losatsegulidwa. Anandifunsa ngati ndidzaunyamula ndekha, osatuma ana. Ndinati ndekha. Pamenepo anapempha pepala lovomeleza opaleshoni, nadinda chala chake.

Pamene anali m'chipinda cha opaleshoni, alamu anapita kumsika kukapangitsa bokosi. Anandiuza pambuyo pake kuti kalipentala ataona muyeso anavula chipewa, nawapepesa poyesa kuti ataya khanda. Iwo anangoti ayi, wamwalila palibe, ndipo kalipentalayo sanafunsenso.

M'mawa mwake mphwanga wina anabwela ndi galimoto yake yonyamula katundu. Ndinakhala kutsogolo, bokosi lili pa miyendo panga, njila yonse ya kudutsa Nyimba kufikila kwathu. Linali lopepuka kuposa mmene ndinaganizila. Adzukulu anali atakumba kale. Anthu anasonkhana ochepa, ndipo sanadziwe chochita: kulila kunali kosayenela pakuti mwiniwake anali moyo, nyimbo ya malilo nayonso inali yosayenela. Mkulu wa mpingo anapemphela mwachidule, napemphelela makamaka wodwala amene tinamusiya ku Petauke. Tinakwilila pambali pa manda a amayi, tinasiya malo a munthu wathunthu, ndipo tinaikapo mwala.

Nditabwelela kuchipatala mlongo wanga ndinamupeza atadzuka, malungo atatsika. Bulangete linali lophwa mbali imodzi, koma iye sanayang'aneko. Anandifunsa chinthu chimodzi chokha, kuti ndinauika mbali iti.

"Kumanja kwa amayi," ndinatelo.

Kenaka anauza alamu kuti amubweletsele phala.

Lelo akali moyo. Amayenda ndi ndodo za m'khwapa, ndipo amagulitsa nthochi pa khonde la nyumba yawo. Woyendetsa chipatala uja ndinamva kuti anapuma, adokotala aja anasamutsidwa. Mvula ikatha, pamene banja limapita kukalambula manda, mlongo wanga amaumilila kuti timunyamule. Timamukhazika pa mpando pafupi ndi amayi, ndipo udzu wa pozungulila mwala uja amazula yekha.